Prague: ulendo wa pansi m'dera la Ayuda ndi mumzinda wakale

Umodzi mwa maulendo amene alendo amakonda akafika ku Prague, likulu la dziko la Czech Republic, ndi woyenda pansi kuzungulira mzinda wakale ndi dera la Ayuda lotchedwa Josefov. Alendo amasonkhana pamalo amene agwirizana ndi wowatsogolera, kawirikawiri pabwalo lalikulu la mzinda wakale, kenaka amayenda maola awiri kapena atatu, akuima pa masunagoge, pamanda ndi pa nyumba zina zakale. Mtunda wake ndi waufupi moti munthu wa changu angathe kuumaliza mu theka la ola, koma mbiri imene imafotokozedwa m'njiramo ndi ya zaka pafupifupi 1,000.

Zimene mlendo amaona ku Josefov lero ndi zotsala chabe: masunagoge 6, nyumba ya khonsolo ya Ayuda ndi manda akale. Nyumba zogona za m'derali zidagumulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Ayuda ambiri a mumzindawu adaphedwa ndi ulamuliro wa chipani cha Nazi cha ku Germany. Pachifukwachi, gawo lalikulu la ntchito ya wotsogolera ulendo ndi kuloza zinthu zimene kulibenso: pamene padali chipata, pamene padali msika, ndi anthu amene ankapemphera m'nyumba zimene lero zidasanduka malo oonetsera zinthu zakale.

Kumene malowa ali

Mzinda wa Prague udamangidwa m'mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Vltava ndipo mumakhala anthu oposa 1.3 miliyoni. Mzinda wakale, umene eniake amautcha Staré Město, uli kutsidya la kummawa, pamene mtsinjewu wakhotera. Dera la Josefov lili m'kati mwenimweni mwa mzinda wakalewo ndipo kukula kwake sikufika mahekitala 10. Kuchokera pabwalo lalikulu kukafika pa sunagoge wakale kwambiri ndi ulendo wa mphindi zisanu. Malo onsewa ali m'gulu la chuma cha dziko lonse chimene bungwe la UNESCO limateteza, ndipo adalembedwa m'kaundula wake mu 1992.

Mbiri ya Ayuda mumzindawu

Mmodzi mwa anthu oyamba kulemba za Prague adali Ibrahim ibn Yaqub, Myuda wochokera ku Spain, amene adafika kumeneko cha m'ma 965. Iye adapeza mzinda wa malonda kumene amalonda a mitundu yosiyanasiyana, kuphatikizapo Ayuda, ankabwera ndi katundu wawo. M'zaka zotsatira Ayuda adakhazikika mumzindamo, ndipo pofika zaka za m'ma 1200 ambiri adali atasonkhana m'dera limene lero ndi Josefov.

Mu 1254 mfumu Přemysl Otakar II idakhazikitsa lamulo loika Ayuda m'manja mwa mfumu. Mfumu inkawateteza, iwo n'kumakhoma misonkho yokwera yolowa m'thumba lake. Chitetezocho chinkadalira mtima wa amene ali pampando ndi kusowa kwake kwa ndalama. Ayuda sankaloledwa kukhala ndi minda kapena kulowa m'mabungwe a amisiri, choncho ambiri adatsamira pa malonda ndi kukongoza ndalama. Dera lawo lidali ndi zipata zimene zinkatsekedwa usiku, ndipo akatuluka ankayenera kuvala chizindikiro chowasiyanitsa ndi Akhristu. Dera lotere ndi limene m'mayiko a ku Ulaya lidadzadziwika ndi dzina loti ghetto.

Tsoka lalikulu lidagwa pa Isitala ya mu 1389, pamene gulu la anthu lidalowa m'derali, n'kupha anthu ndi kutentha nyumba. Zolemba zakale zimatchula anthu 3,000. Avigdor Kara, amene adapulumuka ndipo pambuyo pake adakhala rabi, adalemba nyimbo ya maliro yokumbukira tsikulo, ndipo imawerengedwabe ku Prague pa Tsiku la Chitetezo. Mu 1541 ndi mu 1557 mfumu Ferdinand I idalamula kuti Ayuda achoke mumzindamo, koma maulendo onse awiri adaloledwa kubwerera.

Nyengo ya mtendere ndi chitukuko idafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, makamaka mu ulamuliro wa Rudolf II, amene adasamutsira likulu lake ku Prague mu 1583. Mayina atatu a nthawi imeneyo amamveka pa ulendo uliwonse: Mordecai Maisel, mtsogoleri wa derali ndiponso munthu wachuma amene ankakongoza ndalama ngakhale mfumu, Rabi Judah Loew, mphunzitsi wamkulu wa chipembedzo amene adamwalira mu 1609, ndi David Gans, wolemba mbiri ndi katswiri wa za nyenyezi. Mabuku a Chiheberi adayamba kusindikizidwa mumzindawu mu 1512, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 ku Prague kudali Ayuda oposa 10,000, limodzi mwa magulu aakulu kwambiri ku Ulaya konse.

Mavuto sadathe. Moto wa mu 1689 udapsereza gawo lalikulu la derali. Lamulo la mu 1726 lidaika malire pa chiwerengero cha mabanja a Ayuda, moti m'banja lililonse mwana wamwamuna woyamba yekha ndi amene ankaloledwa kukwatira. Mu 1744 mfumukazi Maria Theresa idalamula kuti Ayuda onse achotsedwe powaganizira kuti ankathandiza adani ake a ku Prussia. Adabwerera mu 1748, chuma cha mzinda chitalowa pansi, koma adawasenzetsa msonkho wina wolemera. Mwana wake, Joseph II, ndi amene adayamba kufewetsa malamulowa mu 1781: chizindikiro cha pa zovala chidathetsedwa, ndipo sukulu ndi ntchito zambiri zidatsegulidwa kwa Ayuda. Kuyambira mu 1848 Ayuda adayamba kukhala kunja kwa ghetto, mu 1850 deralo lidakhala gawo la mzinda n'kupatsidwa dzina loti Josefov polemekeza mfumuyo, ndipo mu 1867 lamulo lidawapatsa ufulu wofanana ndi wa nzika zina.

Pabwalo la mzinda wakale

Maulendo ambiri amayambira pa Staroměstské náměstí, bwalo limene lidali msika waukulu wa mzindawu kuyambira kale. Pakhoma la nyumba yakale ya khonsolo pali wotchi yotchuka yotchedwa Orloj, imene idapangidwa mu 1410 ndipo imasonyeza nthawi, kayendedwe ka dzuwa ndi ka mwezi. Ola likakwana, timazenera tiwiri timatseguka ndipo zosema za atumwi zimadutsa. M'mbali mwa wotchiyo muli zosema zina zinayi: chigoba cha munthu choimira imfa, munthu wodzigomera atagwira galasi, munthu wa ku Turkey, ndi munthu waumbombo atanyamula thumba la ndalama. Chomalizachi poyamba chidasemedwa monyoza, ngati Myuda wokongoza ndalama, ndipo chidasinthidwa nkhondo yachiwiri itatha. Wotsogolera wodziwa ntchito amayambira pamenepa kusonyeza kuti maganizo onyoza Ayuda adali pakati penipeni pa moyo wa mzinda, pamalo amene aliyense ankayang'ana akafuna kudziwa nthawi.

Pakati pa bwaloli pali chipilala cha Jan Hus, mlaliki amene adatsutsa zolakwika za mu mpingo n'kutenthedwa ku Konstanz mu 1415. Chidaimikidwa mu 1915, patatha zaka 500. Amene adachisema, Ladislav Šaloun, ndi yemwenso adasema chiboliboli cha Rabi Loew chimene chili pangodya ya nyumba yatsopano ya khonsolo, chapafupi pomwepo. Pansi, pafupi ndi nyumba yakale ya khonsolo, pali mitanda yoyera 27 yokumbutsa atsogoleri amene adaphedwa pamenepo mu 1621 ataukira mafumu a banja la Habsburg.

Bwaloli ndi limenenso mlembi Franz Kafka adakulira. Iye adabadwa mu 1883 m'nyumba yoyandikana ndi tchalitchi cha St Nicholas, pamalire enieni a mzinda wakale ndi dera la Ayuda. Nyumba yoyambayo idagumulidwa, ndipo chimene chidatsala ndi khomo lake lokha. Kafka adaphunzira sekondale m'nyumba yachifumu ya Kinský pabwalo lomweli, momwenso bambo ake adadzatsegula sitolo. Adali Myuda wolemba m'Chijeremani mumzinda umene anthu ambiri ankalankhula Chitcheki, ndipo moyo wake umathandiza mlendo kumvetsa mmene magulu atatuwa ankakhalira limodzi. Adamwalira mu 1924. Alongo ake onse atatu adaphedwa ndi ulamuliro wa Nazi.

Sunagoge wa Maisel ndi wa Pinkas

Kuchoka pabwalo, msewu wa Maiselova umalowa mu Josefov. Nyumba yoyamba ndi sunagoge wa Maisel, amene Mordecai Maisel adamanga ndi ndalama zake n'kumaliza mu 1592. Adapsa pa moto wa mu 1689, ndipo maonekedwe ake a lero ndi a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. M'kati mwake amaonetsamo mbiri ya Ayuda a m'dzikolo kuyambira pachiyambi mpaka nthawi ya Joseph II.

Sunagoge wa Pinkas, amene adamangidwa mu 1535 ndi banja la Horowitz, ndi malo amene magulu a alendo amakhala chete popanda wowauza. Makoma ake onse adalembedwa pamanja mayina a Ayuda pafupifupi 80,000 a m'zigawo za Bohemia ndi Moravia amene adaphedwa pa nkhondo yachiwiri. Mayinawo adasanjidwa potsata mzinda kapena mudzi umene munthu ankakhala, kenaka banja, ndipo dzina lililonse lili ndi tsiku lobadwa ndi tsiku lomaliza limene munthuyo adadziwika kuti ali moyo.

Asilikali a Germany adalowa mu Prague pa 15 Malichi 1939. Malamulo otsatira adalanda Ayuda ntchito, katundu ndi ufulu woyenda, ndipo mu Seputembala 1941 adawakakamiza kuvala nyenyezi yachikasu. Mwezi wotsatira sitima zoyamba zidanyamula anthu 5,000 kupita ku Łódź m'dziko la Poland. Kuyambira mu Novembala chaka chomwecho ambiri ankatumizidwa ku Terezín, tauni ya asilikali yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumpoto kwa Prague, ndipo kuchokera kumeneko ankapititsidwa ku Auschwitz ndi kumalo ena ophera anthu. Kuphedwa kwa Ayuda pafupifupi 6 miliyoni ku Ulaya konse m'zaka zimenezi ndi kumene kumatchedwa Holocaust, kapena Shoah m'Chiheberi.

M'chipinda cha pamwamba cha sunagogeyu muli zithunzi zimene ana adajambula ali ku Terezín. Ankawaphunzitsa ndi Friedl Dicker-Brandeis, katswiri wa zojambula amene nayenso adali mkaidi. Asanatumizidwe ku Auschwitz mu Okutobala 1944, kumene adaphedwa, iye adabisa zithunzi zoposa 4,000 m'masutikesi awiri. Zina zimasonyeza agulugufe, maluwa ndi nyumba za kwawo, zina mabedi osanjikizana ndi mizere ya anthu odikira chakudya. Ambiri mwa ana amene adasaina mayina awo pa zithunzizo sadapulumuke.

Mayina a pakhomawo nawo ali ndi mbiri yake. Adalembedwa koyamba m'zaka za m'ma 1950. Mu 1968 boma la Chikomyunizimu lidatseka sunagogeyu, patangotha chaka chimodzi dzikolo litathetsa ubale ndi Israel, ndipo mayinawo adafufutika. Ulamulirowo utagwa mu 1989, amisiri adawalembanso limodzilimodzi kuyambira 1992 mpaka 1996. Madzi osefukira a mu 2002 adaononganso gawo lina, ndipo lidakonzedwanso.

Manda akale

Kutuluka mu Pinkas, njira imalowa m'manda akale a Ayuda. Chiliza chakale kwambiri ndi cha Avigdor Kara, cha mu 1439. Chenichenicho chimasungidwa mu sunagoge wa Maisel ndipo pamandapo adaikapo chofanana nacho. Maliro omaliza adaikidwa mu 1787, boma litaletsa kuika anthu m'kati mwa mzinda. Pamalo aang'onowa pali ziliza pafupifupi 12,000, zothinana, zina zopendekeka, zina zotsamirana.

Kuthinanaku kuli ndi chifukwa chake. Chipembedzo cha Chiyuda sichilola kufukula manda kapena kusuntha mafupa a womwalira, pamene malo a ghetto sankatheka kukulitsidwa mokwanira. Manda akadzaza, anthu ankathira dothi lina pamwamba, n'kukweza ziliza zakale kuti ziime pamodzi ndi zatsopano. Izi zidachitika mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 300, moti m'malo ena manda adasanjikizana pafupifupi kakhumi, ndipo nthaka ya mandawo idakwera kuposa misewu yowazungulira. Anthu amene adagona pamenepa ndi ochuluka kwambiri kuposa ziliza zimene zikuoneka.

Apa ndi pamene mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito, chifukwa ziliza zili ndi zizindikiro zimene wothamanga sangazione. Manja awiri otambasula podalitsa amasonyeza munthu wa m'banja la ansembe, mtsuko umasonyeza Mlevi, sizasi imasonyeza telala, ndipo nyama monga mkango, nsomba kapena mbawala zimaimira dzina la womwalirayo. Manda amene alendo amaima kwambiri ndi a Rabi Loew, pamene anthu amasiya timiyala ndi timapepala tolembapo mapemphero. Kuika kamwala pachiliza m'malo mwa maluwa ndi mwambo wa Ayuda wosonyeza kuti womwalirayo akukumbukiridwa. Maisel ndi David Gans nawonso adaikidwa m'manda omwewa.

Potulukira pali nyumba ziwiri. Yoyamba ndi sunagoge wa Klausen wa mu 1694, amene adali wamkulu kuposa onse mu ghetto, ndipo kwa zaka zambiri wakhala malo oonetsera miyambo ya Chiyuda ya kubadwa, ukwati, Sabata ndi zikondwerero. Yachiwiri ndi nyumba ya bungwe loika maliro lotchedwa Chevra Kadisha, limene lidakhazikitsidwa mu 1564. Mamembala ake ankazonda odwala, kusambitsa mitembo ndi kuiika m'manda, ntchito yofanana ndi ya adzukulu, ndipo kusankhidwa kulowa m'bungwelo udali ulemu waukulu.

Staronová ndi wotchi yoyenda chambuyo

Mtima wa ulendowu ndi sunagoge wa Staronová, dzina lotanthauza Wakale-Watsopano. Adamalizidwa cha m'ma 1270 ndipo ndi sunagoge wakale kwambiri ku Ulaya amene anthu akupempheramo mpaka lero. Poyamba ankatchedwa Watsopano chifukwa padali wina wakale kuposa iye. Ena atamangidwa pambuyo pake, mayina awiriwo adalumikizana. Polowa munthu amatsika masitepe, popeza msewu udakwezedwa pamene derali linkamangidwanso. M'kati muli nsanamira ziwiri zonyamula denga lokhota la miyala, ndipo chigawo chilichonse cha dengalo chili ndi nthiti zisanu m'malo mwa zinayi zimene zimapezeka m'matchalitchi a nthawi imeneyo. Ambiri amati amisiri adatero popewa kupanga chithunzi cha mtanda. Pakati pali nsanja yowerengerapo Tora yozunguliridwa ndi zitsulo, pamwamba pake pali mbendera yofiira ya Ayuda a ku Prague yokhala ndi nyenyezi ya Davide, ndipo kukhoma la kummawa kuli mpando umene umatchedwa wa Rabi Loew. Amayi ankapemphera m'zipinda za m'mbali, akumvera kudzera m'timazenera topapatiza. Pa nthawi ya ulamuliro wa Nazi, mapemphero adaima kuyambira 1942 mpaka 1945.

Moyang'anizana naye pali sunagoge wa Vysoká wa mu 1568, amene nthawi zambiri salandira alendo, ndi nyumba ya khonsolo ya Ayuda, kumene atsogoleri a derali ankaweruzira milandu ndi kusonkhetsa misonkho. Nyumbayi ili ndi mawotchi awiri. Ya pansanja ili ndi manambala a Chiroma. Ya m'munsi, ya mu 1764, ili ndi zilembo za Chiheberi ndipo mivi yake imayenda chambuyo, potsata kawerengedwe ka Chiheberi kochokera kumanja kupita kumanzere.

Sunagoge womaliza ndi Španělská, kutanthauza wa Chisipanishi, amene adamangidwa mu 1868 pamalo pa sunagoge wakale kwambiri uja. Dzinali lidabwera chifukwa cha kakongoletsedwe kake kotengera nyumba za Asilamu a ku Spain wakale. Amene ankapempheramo sadali Ayuda ochokera ku Spain. Nyumbayi imasonyeza nyengo yatsopano, pamene Ayuda omasulidwa ankafuna mapemphero okhala ndi limba ndi kwaya. František Škroup, amene adapeka nyimbo imene idadzakhala ya fuko la Czech, adakhalapo woimba limba mu sunagoge amene adali pamalowa. Panja pali chiboliboli cha Kafka chimene Jaroslav Róna adapanga mu 2003.

Chifukwa chimene derali lidatsalira lochepa

Mlendo amadabwa kuona kuti masunagoge akalewa azunguliridwa ndi nyumba zazitali zokongola ndi misewu yotakata. Ayuda ataloledwa kukhala kulikonse, amene adali ndi ndalama adasamuka, ndipo m'nyumba zawo mudalowa anthu osauka a zipembedzo zonse. Deralo lidadzaza mopitirira muyeso, lopanda ngalande zabwino, ndipo matenda ndi madzi osefukira zinkavutitsa. Mu 1893 padakhazikitsidwa lamulo logumula deralo pofuna ukhondo, ndipo ntchitoyo idapitirira mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatsala pang'ono kuyamba. Timisewu tokhotakhota tidatha, masunagoge atatu adagwetsedwa, ndipo pakati padadutsa msewu wa Pařížská, umene lero uli ndi masitolo a zovala zodula kwambiri mumzindawu. M'malo mwa masunagoge atatuwo adamanga wina mu 1906 mu msewu wa Jeruzalémská, kunja kwa Josefov.

Chaka chomwecho cha 1906 Salomon Hugo Lieben ndi August Stein adayambitsa myuziyamu ya Ayuda kuti asunge katundu wa m'masunagoge ogwetsedwawo. Mu 1942, pamene magulu a Ayuda m'matauni onse ankatumizidwa ku Terezín, akuluakulu a Ayuda a ku Prague adapempha kuti katundu wa m'masunagoge awo asonkhanitsidwe pamalo amodzi, ndipo akuluakulu a Nazi adavomera. Akatswiri a Chiyuda adalemba ndi kusanja zinthu zikwizikwi: mipukutu ya Tora, nsalu, ziwiya zasiliva ndi mabuku. Ambiri mwa akatswiriwo adaphedwa. Hana Volavková, amene adapulumuka, ndi amene adatsogolera myuziyamuyo nkhondo itatha. Boma la Chikomyunizimu lidailanda mu 1950, ndipo mu 1964 mipukutu ya Tora 1,564 idagulitsidwa n'kupita ku sunagoge wa Westminster ku London, kumene yambiri idakonzedwa n'kubwerekedwa kwa magulu a Ayuda m'mayiko osiyanasiyana. Myuziyamuyo idabwezedwa kwa Ayuda a m'dzikolo mu 1994.

Nthano ndi mbiri

Nkhani ziwiri zimamveka pa ulendo uliwonse, ndipo mlendo ayenera kuzisiyanitsa ndi mbiri yotsimikizika. Yoyamba ndi ya Golem, chimunthu chadothi chimene amati Rabi Loew adaumba m'mphepete mwa Vltava kuti chiteteze Ayuda, ndipo chitalusa adachichotsa moyo n'kuchibisa kudenga kwa Staronová. Nthanoyi idalumikizidwa ndi dzina la rabiyu m'zaka za m'ma 1800, patatha zaka zoposa 200 iye atamwalira, ndipo m'mabuku ake mulibe nkhani yotere. Idafala kwambiri ndi buku la Gustav Meyrink la mu 1915, ndipo lero tizidole ta Golem timagulitsidwa m'masitolo a alendo.

Yachiwiri ndi yoti Hitler adasunga dala Josefov kuti adzakhale myuziyamu ya mtundu wa anthu umene udatha. Mawu amenewa adafala nkhondo itatha, ndipo akatswiri a mbiri sadapeze chikalata cha Nazi chowatsimikiza. Chimene zikalata zimasonyeza ndi chakuti maganizo osonkhanitsa katunduyo adachokera kwa Ayuda eniake, amene ankayembekeza kudzamubweza kwa eni ake nkhondo ikatha. Kusiyanaku n'kofunika, chifukwa nthanoyo imachotsa ulemu kwa anthu amene adapulumutsa katunduyo n'kuupereka kwa amene adawapha.

Kupyola malire a Josefov

Maulendo ena amathera pa mlatho wa Charles, umene udayamba kumangidwa mu 1357. Pamlathowu pali mtanda wokhala ndi zilembo zagolide za Chiheberi, mawu otamanda Mulungu ochokera m'buku la Yesaya. Zidaikidwa mu 1696 ndi ndalama za chindapusa chimene Myuda wina adalipitsidwa atamuneneza kuti wanyoza mtandawo. Kwa Ayuda, kuika mawu a pemphero lawo pamenepo kudali kuwachititsa manyazi, ndipo mu 2000 mzinda udaika zikwangwani zofotokoza nkhaniyi m'Chitcheki, Chingerezi ndi Chiheberi.

M'misewu yambiri, pakhomo pa nyumba, muli timapale tamkuwa ta masentimita 10 mbali zonse, tolembedwa dzina la munthu amene ankakhala m'nyumbamo, chaka chobadwa ndi kumene adafera. Ntchito imeneyi, yotchedwa Stolpersteine, adaiyambitsa ndi Gunter Demnig wa ku Germany ndipo idafika ku Prague mu 2008. Pa siteshoni yaikulu ya sitima pali chiboliboli cha Nicholas Winton wa ku Britain, amene mu 1939 adathandiza kutumiza ana 669, ambiri a iwo Ayuda, ku Britain nkhondo isanayambe. Manda a Kafka ali kumanda atsopano a Ayuda, pafupi ndi siteshoni ya Želivského. Ofuna kukaona Terezín ayenera kupatula tsiku lapadera; ulendo wa basi umatenga pafupifupi ola limodzi.

Zoyenera kudziwa mlendo

Maulendowa alipo a mitundu itatu: a gulu olipiriratu, a munthu kapena banja lokha ndi wowatsogolera, ndi amene alibe mtengo woikika koma mlendo amapereka imene wakonda pomaliza. Safunsa adadya phula: ndi bwino kufunsiratu ngati ulendowo umalowa m'masunagoge ndi m'manda kapena umangodutsa panja, komanso ngati mtengo wake ukuphatikiza tikiti yolowera. Ambiri amachitika m'Chingerezi, ndipo ena m'zinenero zina za ku Ulaya. Siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka yoyandikira ndi Staroměstská.

Malo onse a Ayuda amatsekedwa Loweruka ndi pa masiku a zikondwerero za Chiyuda, ndipo Lachisanu Staronová amatsekedwa msanga pokonzekera Sabata. Amuna amapemphedwa kuphimba kumutu akalowa mu Staronová ndi m'manda, ndipo tizipewa timapezeka pakhomo. Zovala zikhale zaulemu, ndipo zikwama zikhoza kufufuzidwa polowa. Misewu ndi yoyalidwa miyala, motero pamafunika nsapato zabwino. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumazizira mpaka madzi kuuma, pamene m'miyezi yotentha ya Juni mpaka Ogasiti alendo amachuluka kwambiri, choncho m'mawa ndiyo nthawi yabwino. Ndalama ya m'dzikolo ndi koruna, ndipo amene ali ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen.

Mlendo akumbukirenso kuti Josefov ali ndi eni ake amoyo. Gulu la Ayuda la ku Prague lero lili ndi mamembala osafika 2,000, ndipo maofesi ake ali m'nyumba ya khonsolo ya wotchi ziwiri ija. Lachisanu madzulo, alendo akatuluka mu Staronová ndipo ogulitsa matikiti atseka, anthu amalowa kudzapemphera pa chiyambi cha Sabata.